Mawu a pa sikelo: momwe ndalembera cholinga cha moyo wanga

Ndimagula nandolo kwa alimi a kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje n'kumakagulitsa kwa ogula akuluakulu a ku Limbe. Ndimapemphera CCAP. Chaka chino ndinafuna kuti nyengo ya nandolo isanayambe ndikhale ndi mawu ochepa onena chimene ndikukhalira ndi moyo, oti ndingathe kuwanena pamtima. Zili m'munsizi ndazikopera m'kope limene ndinkalembamo ntchitoyi ikuyenda, pamodzi ndi ndalama zimene ndawononga.

8 Juni

Abusa alalikira pa Habakuku 2:2, pamene Mulungu akuuza mneneri kuti alembe masomphenya momveka pa magome, kuti munthu awerenge mosavutika. Anena okha kuti masomphenya a Habakuku anali okhudza Ababulo, osati mapulani a munthu, ndipo chimene akutengapo ndi kalembedwe kake basi. Kenako atifunsa kuti bwanji sukulu ya pulayimale ili ndi mawu a cholinga chake (mission statement) opentedwa pakhoma, koma mkhristu wa zaka makumi anayi ukamufunsa chimene akukhalira ndi moyo amayamba kukanda kumutu.

Pobwerera ndagula kope, K800, ndi bolopeni, K300.

12 Juni

Ndalemba tsamba limodzi ndi theka. Muli kukonda Mulungu, kukonda anansi, kulera ana m'chikhristu, kukhala mchere ndi kuunika, kuthandiza amasiye, kufalitsa uthenga mpaka kumalekezero a dziko. Madzulo ndawawerengera mayi akunyumba akusenda chinangwa. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Bambo, zimenezi angasainenso abusa, angasainenso kondakitala wa minibasi. Inuyo muli pati?"

Ndinali nditamaliza ndi mawu a Yoswa 24:15 akuti ine ndi a m'nyumba yanga tidzatumikira Yehova. Apa ndiye aseka, akuti mkamwini akanena za nyumba yake azinena motsitsa, apongozi angamve. Kuno kwathu mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi, ndiye ndangoseka nawo. Koma funso lawo loyamba lija ndalilemba pamwamba pa tsamba latsopano. Chiganizo chilichonse chimene munthu wina angachisaine osasintha kanthu ndichichotsa.

17 Juni

Masiku awa ndakhala ndikuyang'ana momwe anthu a m'Baibulo ankanenera ntchito yawo mwachidule. Pa Luka 19:10 Yesu akuti anabwera kudzafunafuna ndi kupulumutsa otayika. Pa Marko 10:45 akuti sanabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira ndi kupereka moyo wake dipo la anthu ambiri. Paulo pa Machitidwe 20:24, akutsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso, akuti chimene akufuna n'kumaliza liwiro lake ndi utumiki wochitira umboni uthenga wa chisomo. Onsewa ndi mzere umodzi kapena iwiri, ndipo muli ntchito yeniyeni ndi anthu amene ntchitoyo ikuwakhudza.

Ndakumbukanso funso loyamba la katekisma wamfupi wa Westminster wa 1647, lofunsa cholinga chachikulu cha munthu. Yankho lake ndi kulemekeza Mulungu ndi kukondwera naye mpaka muyaya. Yankho limenelo ndi la mkhristu aliyense, ndipo sindingalipose. Changa chiyenera kungonena kuti munthu wogula nandolo amamulemekeza bwanji Mulunguyo pa Lachiwiri m'mawa, mlimi ataimirira ndi thumba lake.

Tsamba ndi theka lija lafupika kufika pa ndime imodzi, komabe ikumveka ngati pemphero lotsekera msonkhano.

22 Juni

Titamaliza mapemphero a mlaga ndawaonetsa ndimeyo mkulu wa mpingo wina, bambo amene anapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Sanakonze liwu ngakhale limodzi. Angondifunsa kuti, "Achimwene, satana amakupezani kuti? Lembani pamenepo, zinazi n'zokongoletsa." Ndayankha kuti pa sikelo. Aliyense wa malonda athuwa akudziwa zimene zimachitika pamenepo: kasipuling'i kokhwimitsa, singano yoyambira kumbuyo kwa ziro, kilo imodzi yochotsera thumba, ina yochotsera chinyontho, ndi kuwerenga mofulumira agogo asanaone bwino.

Anditsegulira Amosi 8:5, ndime imene sindinaimvepo ikulalikidwa. Amalonda a nthawi imeneyo ankadandaula kuti Sabata litha liti kuti ayambenso kugulitsa tirigu, achepetse muyeso, akweze mtengo, anyenge ndi sikelo. Anali anthu osunga Sabata ndithu, opita kukachisi. Andiwonjezera Miyambo 11:1, Levitiko 19:35-36, ndi Deuteronomo 25:13-15 pamene akuletsa kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba limodzi, waukulu ndi waung'ono. Venda wa lero sasunga miyala, amasunga masikelo awiri, yogulira ndi yogulitsira.

Mawu oyamba apezeka: ndiyeza moona.

28 Juni

Sindingalembe mawu amenewo ndisanayese sikelo yanga. Ndi ija yopachika ya sipuling'i, ndipo yagwira ntchito nyengo zingapo. Ndabwereka belo ya shuga pa golosale ya mlamu wanga, mapaketi 20 a kilo imodziimodzi osatsegula. Paketi imodzi sikelo inawerenga bwino. Mapaketi khumi inaperewera pang'ono. Onse 20 inaperewera pafupifupi kilo yathunthu. Ndapotokola kachitsulo kokonzera ziro, koma ukakonza kumunsi kumwamba kumasokonekera. Yatha ntchito, ndipo kulakwitsa kwake kukugwera mlimi, osati ine.

Amene mukufuna kuyesa yanu, musayese ndi kilo imodzi yokha. Sikelo yodwala imaonekera pa katundu wolemera, ndipo mlimi sabweretsa kilo imodzi.

2 Julaye

Ku Limbe. Sikelo yopachika ya manambala, K48,000. Mabatire, K2,000. Minibasi kupita ndi kubwera, K14,000. Kunyumba ndaiyesa ndi belo ya shuga ija ndipo ikugwirizana. Masikelo a malonda amene amawayeza ndi kuwadinda ndi a Malawi Bureau of Standards, ndiye ndalemba m'kope kuti ndikaidinditse.

Ndapachikanso matumba khumi opanda kanthu. Onse pamodzi sanafike makilogalamu awiri. Tsono kilo yathunthu imene timachotsa pa thumba limodzi lokha imachokera kuti? Sikelo yatsopanoyi ili ndi batani lobwezera ku ziro thumba lopanda kanthu litapachikidwa kale. Ndizikhuthulira nandolo m'thumba langa n'kumayeza choncho, mwini wake akuona.

6 Julaye

Tsiku la ufulu, ndakhala pakhomo ndi kope. Ndinali nditalemba kuti ndidzapereka mtengo wabwino, koma ndafufuta. Mtengo wa nandolo sumapangidwa ku Chitakale kuno ku Mulanje, ngakhale ku Limbe. Nandolo wathu wambiri amathera ku India. Mu 2017 dziko limenelo litaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo kuno unagwa mpaka alimi ena anangomusiya m'munda. Mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana za matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, zinthu zinapepukirako, komabe mtengo umasintha ine ndili mtulo. Kulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanga n'kukonzekeratu bodza. Chimene ndingathe n'kulemba mtengo wa tsikulo poyera, umodzi kwa aliyense, kuti mayi wobwera yekha asapatsidwe mtengo wosiyana ndi wa bambo wodziwa kukangana.

Chimene chili m'manja mwanga ndi nthawi yolipira. Deuteronomo 24:14-15 akuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pamenepo. Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a anthu okolola m'minda akufuula. Ife mavenda tili ndi chizolowezi chotenga katundu n'kunena kuti mubwere Lachisanu, lole ikabwera ku Limbe. Ndiye kuti tikuchita bizinesi ndi mpamba wa mlimi, osamupempha, ndipo mtengo ukagwa pakati pa sabata timayamba kumuuza zina. Anyamata osenza matumba nawonso amadikira chimodzimodzi.

Mawu achiwiri: ndilipira tsiku lomwelo. Ndawerengetsa mpamba wanga, ndipo zikutanthauza kuti masiku ena ndizitseka masana ndalama zikatha, anthu akadali pamzere.

10 Julaye

Mawu achitatu abwera ndi mayi, ndipo takangana nawo mpaka nsima kuzizira. Akuti sikelo ndi nkhani ya miyezi itatu, koma ndalama zenizeni za venda zimapangidwa mu Januwale ndi Febuluwale, m'nkhokwe mukakhala mbee. Munthu amabwera kuti mwana wathamangitsidwa kusukulu, kapena kunyumba agona ndi njala. Umamupatsa ndalama pang'ono, n'kugwirizana kuti pokolola adzabweretsa thumba lathunthu. Thumbalo likamadzafika limakhala la ndalama zoposa kawiri zimene anatenga. Sitimakutcha katapila, timati kuthandizana. Namondwe Freddy atakokolola minda mu Malichi 2023, chaka chotsatira anthu ambiri kuno anagulitsa mbewu zawo zisanache mwa njira imeneyi.

Ine ndimati popanda ife munthuyo akapita kuti, banki simudziwa. Mayi akuti, "Ndiye mubwerekeni, adzabweze zomwezo. Kapena muuzeni kuti mulibe. Koma musamadye njala yake." Levitiko 25:35-37 ali kumbali yawo: m'bale wako akasauka usamukongoze mwa chiwongoladzanja, usapindulepo pa chakudya chako.

Ndachedwa kulemba mawu amenewa chifukwa cha Mlaliki 5:5, pamene akuti kuli bwino osalonjeza kusiyana ndi kulonjeza osachita. Pa mawu onse, awa ndi amene adzandidyere ndalama zambiri, ndipo palibe mlimi adzandithokoze, chifukwa amene ndidzamukanize mu Febuluwale adzangoti ndauma mtima. Ndalemba: sindidyera njala ya mnzanga. Kuti asakhale mawu a m'malere, kumbuyo kwa kope ndalemba tanthauzo lake. Sindigula mbewu ili m'munda. Ndikabwereketsa, wobwereka abweza ndalama zomwezo, ndipo nandolo wake agulitsa kumene akufuna. Ndalama zobwereketsa tipatuliratu ndi mayi mu Okutobala, zikatha zatha.

13 Julaye

Ndatsalira titaweruka kuti abusa aone. Awerenga, kenako akuti, "Bambo, zabwino izi, koma Msilamu woona mtima wa pamsika angalembenso zomwezi, ndipo ena amazisunga kuposa ife. Khristu ali kuti muno?" Anditsegulira Aefeso 2:8-10. Chipulumutso ndi cha chisomo, ntchito zabwino zimabwera pambuyo, Mulungu atazikonzeratu kuti tiyendemo. Akuti ndikayamba ndi zimene ine ndidzachite, tsiku limene ndidzalephere pepalalo lidzangondiweruza, ndipo ndidzaling'amba. Ndikayamba ndi mwini wanga, ndidzakhala ndi kobwerera. Tayika kutsogolo mawu akuti "Ndine wa Khristu" ndi "mwa thandizo lake".

Titafika pa nkhani yopachika mawuwa pamalo ogulira, sitinamvane msanga. Iwo akuopa Mateyu 6:1, kuchita chilungamo pamaso pa anthu kuti akuone. Ndipo n'zoona, tonse tikudziwa magolosale olembedwa mavesi pakhoma amene chenji chake uyenera kuwerenga kawiri. Dzina la Yesu pa chikwangwani likhoza kungokhala nyambo. Ine ndimati lonjezo lobisika m'Baibulo langa palibe angandigwire nalo. Tamaliza motere: mawu onse akhale pa kakhadi ka m'Baibulo, adziwe ndi mayi, ana ndi mkulu wa mpingo uja. Pa chikwangwani palembedwe zokhazo zimene mlimi angazione ndi maso n'kunditsutsa pomwepo, popanda vesi kapena dzina la mpingo.

16 Julaye

Mayi awonjezera Lamulungu. Nyengo ikafika pachimake anthu amagogoda ngakhale tikuvala zopita kutchalitchi, ndipo anansi athu a Seventh Day, amene ndi ambiri kuno ndi ku Thyolo komwe kuli mishoni yawo ya Malamulo, Lamulungu ndi tsiku lawo la ntchito. Ndiwauziratu kuti azibwera Lolemba. Mawu onse tsopano ali motere:

Ndine wa Khristu. Mwa thandizo lake ndiyeza moona, ndilipira tsiku lomwelo, sindidyera njala ya mnzanga, ndipo Lamulungu ndi la Mulungu ndi banja langa.

Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 ndi amene wandiyesa. Wandidzidzimutsa ndikupopa njinga kuti, "Adadi, nenani." Ndanena osakodwa. Akuti za amasiye ndi kufalitsa uthenga zapita kuti. Ndamuuza kuti sizinathe, zili m'malonjezo amene tonse tinapanga polowa mpingo. Kulemba uku kwakhala ngati kupeta nandolo, zambiri zimene zauluka sizinali zoipa, zinangokhala zopepuka.

19 Julaye

Kakhadi. Pa shopu ya makompyuta pa Boma kutayipa, kusindikiza ndi kumata pulasitiki, K2,000 makhadi awiri. Magetsi anazima makina asanatenthe, ndiye ndakatenga mawa lake. Uzani wotayipa achepetse pepala lifanane ndi chiphaso, apo ayi akupatsani A4 yosalowa m'Baibulo.

23 Julaye

Chikwangwani. Pulayiwudi, K9,000. Penti woyera ndi wakuda, tizitini tiwiri, K13,000. Wolemba zikwangwani, K15,000. Mnyamata wina anandinong'oneza kuti angandipezere thabwa la mkungudza, losafumbwa ndi losaola. Mkungudza wa m'phirimu ndi mtengo wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu, ndipo thabwa lililonse loyenda mobisa ndi lakuba. Kulembapo za kuyeza moona kukanakhala nthabwala.

Mawu a pa chikwangwani: KILO NDI KILO. YESANI SIKELO MUSANAGULITSE. NDALAMA LERO LOMWE. LAMULUNGU N'KOTSEKA.

27 Julaye

Chiperoni chatikwirira, phiri silikuoneka, kamvula kosalekeza. Penti sanaume, ndipo pulayiwudi imene tinaiimika pakhonde yamwa chinyontho m'mbali n'kuyamba kufufuma, zikhungu zake zikusendeka. Komanso wolemba uja anayamba ndi zilembo zikuluzikulu osayeza, pofika mzere womaliza malo anatha, LAMULUNGU N'KOTSEKA linapanikizika ngati mawu a pa botolo la mankhwala. K9,000 yapita.

1 Ogasiti

Tayambiranso pa chidutswa cha lata losalala chimene mlamu anali nacho, sanandilipiritse. Timatabwa ta bulugamu tozungulira m'mbali, K4,000. Misomali, K1,500. Wolemba wavomera K8,000 poti kupanikiza kuja kunali kwake. Ulendo uno tayamba talemba mizere yonse ndi pensulo, ndipo ndinaima kutsidya kwa msewu kuona ngati zikuwerengeka asanagwire burashi. Taumitsira m'nyumba, pafupi ndi moto. Wolembayo akuti, "Madala, mukudzimangirira nokha chingwe." Ndamuuza kuti nchifukwa chake ndikumulipira.

Pakati pa pulayiwudi yoonongeka ija panali pabwino. Ndadulapo kachidutswa, ndapaka penti wakuda wotsala, ndipo ndipolembapo mtengo wa tsiku. Choko, K500. Paketi ya shuga yoti aliyense aziyesera sikelo, K3,500.

9 Ogasiti

Sabata yoyamba yogula. Anthu ambiri sawerenga chikwangwani, amafunsa mtengo basi. Amene ayamba kuyesa ndi amayi, ndipo sakhulupirira shuga wanga. Mmodzi anabwera ndi paketi yake ya mchere, wina anayamba wayezetsa thumba lake kwa venda wina n'kubwera kudzafananiza. Ameneyo ndi amene wandibweretsera anthu, komanso mavuto. Mnzanga wogula chapafupi wandipeza madzulo, akuti chikwangwani changa chikutukwana anzanga kuti ndi akuba. Ndamuuza kuti palibe dzina la munthu pamenepo, ndipo shuga ali apo ngati akufuna kuyesa yake. Sitikulankhulana bwino panopa, ndipo ndi munthu amene tinkabwerekana matumba.

Nyerere zapeza shuga uja. Ndamuika m'kachitini kotseka, ndimatulutsa pofuna kuyesa.

16 Ogasiti

Vuto limene sindinaliganizire ndi nandolo wosauma. Kale ndikanangochotsa kilo kapena awiri mongoganizira. Tsopano chikwangwani chikuti kilo ndi kilo, ndipo ena akubweretsa wonyowa, wina wosakaniza ndi timiyala. Ndikamugula choncho amakapepuka m'nyumba, mwinanso kuchita nkhungu, ku Limbe n'kukamukana. Ndayala lona pambali. Wonyowa ndimamubweza kuti akayanike, kapena ayanike pomwepo ndiyeze madzulo. Wa zinyalala apete kaye, lichero lilipo. Kuluma njere ndi mano kumandiuza ngati wauma. Ena amakwiya n'kupita kwina, koma ndaona kuti kukana poyera n'kosiyana ndi kudula mwakachetechete.

Ndalama zinatha dzuwa lili pamutu Lachinayi. Bambo wina anachokera kutali, cha ku Muloza, ndi matumba awiri panjinga, ndipo anandichonderera yekha kuti ndisunge katundu adzatenge ndalama Loweruka. Apa mawu anga anandipanikiza, chifukwa kumubweza kunali kumuvutitsa kuposa kumukongola. Ndinayesa kumutumizira pafoni, koma iye ankafuna ndalama m'manja, ndipo wothandiza za ndalama za pafoni analibe zokwanira. Mayi ndi amene anatulutsa za kubanki m'khonde zimene amayenera kukapereka mawa lake, ine n'kuwabwezera m'mawa. Usikuwo tinakambirana ngati tisinthe mawuwo akhale akuti ndilipira pa tsiku limene tagwirizana. Mayi akana, akuti khomo limenelo likangotseguka pang'ono Lachisanu lija labwerera. Tasiya momwemo. Chimene ndasintha n'chakuti ndalama zikatsala za matumba atatu ndimafufuta mtengo pa bolodi n'kulemba kuti ZATHA LERO, kuti wochokera kutali amve msanga kwa anzake panjira.

24 Ogasiti

Mkulu wa mpingo uja wavomera kuti Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse azindifunsa mawu anayiwo limodzilimodzi, ndipo ali ndi ufulu wofunsanso mayi ine palibe. Kakhadi kachiwiri kali ndi mkuluyo.

Ndalama zonse zimene ndawononga ndi K121,600, ndipo zoposa theka ndi za sikelo ndi ulendo wake. Kulemba kwenikweniko kwadya K1,100. Phindu pa thumba latsika poyerekeza ndi chaka chatha, matumba achulukirako, ndipo ndidzadziwa mbali imene yapambana nyengo ikatha. Mabatire a sikelo akutha msanga m'mawa wozizira, ndiye ndimayenda ndi ena m'thumba. Zatsala ndi kudinditsa sikelo ndi kupatula ndalama zobwereketsa mu Okutobala. Mawu achitatu aja sanayesedwebe, ndidzalembanso mu Febuluwale.